Mizele Yothinana pa Mapu a Luembe

Sukulu ndinaisiyila mu Sitandade 4, ndipo za chifukwa chake musandifunse. Zinali zaka za Chitaganya. Ndinkakhala kwa amalume ku Luembe, kulima ndi kukwiya basi, mpaka kunabwela anthu oyeza dziko akufuna amtengatenga. Ndinalembedwa. Katundu wanga anali thumba la simenti yomangila chizindikilo pamwamba pa phili.

Wotitsogolela anali kapitao wa ku Petauke, wa nsapato zonyezimila. Mzungu woyeza ankatsalila m'mbuyo ndi makina ake. Tsiku lachitatu kapitao anayala mapu pamwala, naloza ndi chala.

"Tidutsa apa. Pafupi zedi."

Ndinasuzumila. Mapu sindinkawadziwa, koma atatchula mtsinje ndinazindikila malowo, chifukwa ndinkafulako njuchi ndi amalume. Pansi pa chala chakecho mizele yofiilila inali yothinana ngati mano a chipeso.

"Bambo, pamenepo pali phompho. Ngakhale anyani amalambalala."

"Iwe wothawa sukulu, ukuphunzitsa ine? Mizele yambili ndiye kuti njila n'zambili. Tikakadutsa bwino, ubwelele kwanu ukagwile khasu."

Khasulo ndinali nditatopa nalo mpaka m'mafupa. Ndinasenza simenti yanga. Nanga bwanji ngati ndasokoneza mitsinje?

Tinayenda m'nkhalango ya misuku mpaka dzuwa pamutu. Kenaka mitengo inangotha, dziko n'kuthela pomwepo. Pansi patali, madzi akuoneka ngati ulusi. Mkulu wina wa amtengatenga anatula katundu, nakanda m'mutu.

"Akapitao, pa njila zambili zija, yanu ndi iti? Tsogolani, ife tikubwela."

Tinaseka mpaka kugwa pansi. Ine ndinaseka misozi, phompho likutibwezela phwete lathu. Kapitao analimba nkhope pang'ono, kenaka nayenso anaphulika.

Mzungu atafika, kapitao anamuuza zoona, kuti ine ndinali nditamuchenjeza za phompholo; ndimulemekeza pamenepo. Mzunguyo anatola mwala wosongoka, naulemba mizele yozungulila ndi khala, nandiuza kuti ndiuyang'ane kuchokela pamwamba. Mbali yotsetseleka kwambili mizele inathinana, mbali inayo inatalikilana. Ndinamva nthawi yomweyo. Ndinayang'ananso mapu aja, mapili onse n'kudzuka papepala.

"Nanga tidzele kuti, aphunzitsi?" anatelo kapitao.

Ndinaloza pamene mizele inamasuka, kumtunda kwa mtsinje, pomwe amalume ankaolokela. Kapitao anapinda mapu, nawalowetsa m'chitini chake chachitali, nandikoleka m'khosi. Simenti anagawana ena, akunyinyilika. Ndinatsogola ine.