Shushushu wa Pakamwa Panga

Bodza lija ndinaliyamba ndine, pa nsolo ku Mburuma, miyezi ingapo zipani zambiri zitaloledwa. A Lungu, mlangizi watsopano wa ziweto wochokera ku Lusaka, ankadutsa ndi kabuku m'thumba. Pofuna kuseketsa anzanga ndinanong'ona kuti, "Awa ndi shushushu," dzina lomwe timatchulira akazitape a boma.

Anzanga anaseka, ine n'kudziona wochenjera. Sabata isanathe, anthu ankangoti zii a Lungu akafika, ndipo palibe anawalola kuyandikira khola. Matenda atagwa, mbuzi zisanu za alamu anga zinafa, mankhwala ali m'chikwama cha mlangiziyo.

Tsiku lina a Lungu anandiimitsa panjira. "A Mumba, inu mumawadziwa anthu kuno. Ndawalakwira chiyani?"

"Kaya, bwana," ndinayankha, maso ali pa tayala la njinga yanga.

Kaya ameneyo amandiwawa kuposa bodzalo. Lamlungu likubwerali ndiimirira m'tchalitchi pa nthawi ya zilengezo, a Lungu ali pompo, ndinene zonse. Alamu anga ndawaululira kale. Avomera kukhala pakhomo pa tchalitchi, kuti miyendo ikafuna kundithawitsa andibweze.