Telala wa Panyumba Yothawirako

Panyumba yothawirako amayi omenyedwa ndi amuna awo pali mayi achikulire, telala, tepi ili m'khosi ngati mkanda. Wobwera ndi diresi long'ambika samufunsa dzina; amangomuyeza, mawa lake watchena. Amiseche amati mayiwa anakwatiwapo katatu, n'kuliranso maliro katatu.

Tsiku lina masana kunatulukira bambo wina, mkazi wake amene anathawira panyumbapo atabisala kuseri kwa chitseko.

"Mayi, ndadzatenga wanga."

Mayi achikulire aja anadzuka, n'kumuyeza bamboyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako m'mapewa.

"Ndani wakuuzani kuti ndikufuna suti?"

"Suti ayi, mwanangu. Muyeso uwu amaufuna ndi okhoma mabokosi. Malemu amuna anga achitatu anali msinkhu womwewu. Nawonso ankamenya."

Bamboyo anatuluka chafutambuyo. Mpaka lero amazungulira msewu wina.