Chidakwa wa Azakhali

Azakhali anga, alongo awo a bambo, anakalambira mu labu ya zomera, chipinda chachitali chonunkha dothi lonyowa ndi sopo wotsukira mabotolo. Sanakwatiwe. Abale ankati anakwatiwa ndi maikulosikopu, iwo n'kumayankha kuti mwamuna ameneyo sanawatukwanepo.

Ntchito yawo inali kudzala nyemba, kuthirira, kudula timatsinde n'kumayeza. Ukawafunsa kuti zonsezi n'zachiyani, unkadziputira wekha.

"Tamvera iwe," ankatero. "Selo iliyonse ya chomera ili ndi khoma. Si la njerwa ayi, ndi tizingwe ta shuga titalitali. Ndiye pali kanthu kotchedwa enzayimu, kamadula kachingwe apa n'kukalumikiza kwa kanzake uko. Khoma limatambasuka koma osagumuka. Tsinde limaima chifukwa cha mfundo zimenezo."

Pakati pa nyemba zawo panali mtundu wina umene enzayimu yake inali yaulesi. Unkamera bwinobwino, koma ukangofika m'mawondo, khu! pansi. Anzawo akuntchito anaupatsa dzina loti Chidakwa. M'mawa uliwonse azakhali ankamumangirira ku kandodo ndi tinsanza, poti akagona pansi ankaola asanabereke.

Azakhali atapuma pantchito, bwana watsopano anati kafukufuku uja anatha kalekale, Chidakwa atayidwe. Azakhali sanakangane naye. Anakwera basi atakhazika chidebe cha Chidakwa pamiyendo ngati mwana.

Chaka chatha neba wawo anandiimbira foni kuti azakhali aterereka kubafa, athyoka m'chiuno. Ndinathamangira kuchipatala ndi thumba la malalanje. Sanawayang'ane n'komwe.

"Mwana wa achimwene, tenga kiyi uyu. Mbewu zimene ndinasunga anankafumbwe anamaliza, Chidakwa watsala yekha uja, ndipo ali ndi maluwa. Akaola ndiye kuti mtundu watha. Ukamange momasuka, osam'kanyanga pakhosi."

"Azakhali, ululu wonsewu inu mukuganiza za nyemba?"

"Nanga ndiganize za ndani?"

Ndinatenga kiyi uja n'kunyamuka.

Nyumba yawo inali ya chipinda chimodzi ndi kakhitchini, yosesedwa mpaka kuseri kwa chitseko. Pawindo panali tebulo ndi mipando iwiri. Pampando umodzi anakolekapo juzi yawo. Pa winawo panali Chidakwa m'chidebe chake, atamusendeza pafupi ndi tebulo monga timachitira ndi munthu wodya nafe. Patebulopo panali kapu imodzi, mbale imodzi ndi mulu wa tinsanza todula kale, tofanana utali.

Chidakwa anali atagwa ndithu, tsinde litagona patebulo, koma maluwa anali adakali oyera. Ndinamudzutsa pang'onopang'ono, ndinamanga momasuka monga anandiuzira, n'kuthirira. Ndinakhala pang'ono pampando wa juzi uja, chifukwa wa mlendo panalibe. M'nyumbamo munangoti zii, kupatula mpopi umene unkadontha kukhitchini.

Nditabwerera kuchipatala ndinawapeza maso ali pakhomo.

"Wam'peza bwanji?"

"Anagwa, koma ndamudzutsa. Maluwa ali bwino."

Anapuma mpweya wautali, n'kutembenukira kukhoma.

"Ali ndi mwayi mnzangayo," anatero motsitsa mawu. "Wapeza womudzutsa msanga. Ine pansi paja ndinakhalitsa."