Bwato ndi Mtengo Umodzi

Kuno ku Chiputula tili ndi mkulu wina wosema mabwato, ngakhale madzi amene tili nawo ndi a m'zithaphwi zapamsewu basi. Anachoka kunyanja ku Usisya mawondo atayamba kukana, ndipo masiku ano amasema mitondo. Akamadutsa pamtengo waukulu, amaugogoda ndi chala n'kutchera khutu ngati muli munthu.

Maboti a matabwa, amene anawalanda ntchito, safuna n'kuwamva komwe. "Bwato ndi mtengo umodzi," amatero. "Matabwa akachuluka amangokangana, madzi n'kumalowa."

Mawuwa takhala tikuwamva kwa zaka osawalabadira. Koma chaka chino cha riferendamu wina anawanyamula kupita nawo kumsika, ndipo anakafika atasanduka ndale: akuti mkuluyo akunyoza matipate, ndale za zipani zambiri. Azimayi analeka kugula mitondo. Loweruka lapitali anyamata a nyali, chizindikiro cha matipate, anafika pakhomo, Fiskani wogulitsa kaunjika ali patsogolo.

"Monire adada," anatero Fiskani. "Tamva mukuti zambiri n'zoipa, chabwino n'chimodzi?"

Mkuluyo anaika kasemasema pansi. "Ine ndimanena za m'madzi, mwana wanga. Bwato n'lokoma chomene. Kuipa kwake n'kwakuti likawola pamimba mumataya lonse. Boti mumangozula thabwa lowolalo n'kukhoma lina."

"Yewo adada!" anakuwa anyamatawo, akuomba m'manja.

Pofika Lolemba mitondo yonse inali itagulidwa, ndipo anthu ayamba kubwera kudzawafunsa za ndale. Koma mkuluyo sakukondwa. Akuti pa ukalamba wawo wonsewu, ana awakakamiza kuyamikira boti pagulu.