Tsiku Limene Yuniyoni Inapita ku Lirangwe

Ana amene akuphunzira pa koleji ya m'tauni ija masiku ano amayesa kuti nyumba ya Yuniyoni, ya bungwe la ophunzira, inabadwa ndi matailosi ndi magalasi ake. Akafunse Mayi Sikina a ku Chileka, akawaseke. Iwo anaipeza ili shedi ya malata yosungiramo mipando yothyoka, eni ake ali makoswe. Inali nthawi imene dziko linkakangana za zipani zambiri, ophunzira nawonso anavutitsa akuluakulu a sukulu mpaka anawapatsa shediyo kuti azichitiramo misonkhano. Pakona anatchinga ndi matabwa, n'kulemba ndi choko kuti kantini. M'menemo ndi mmene Mayi Sikina anakalambira, akugulitsa tiyi ndi chakudya.

Ankadzuka m'bandakucha kwawo kuseri kwa bwalo la ndege, kuswali poti ndi Msilamu, n'kukwera minibasi yoyamba yopita m'tauni. Nyumba ija inakula iwo akuona. Malata a m'mbali anachoka, panabwera njerwa. Chaka china mphepo inasasula denga, ophunzira n'kumachitira msonkhano atafunda maambulera. Chaka cha sitalaka utsi wokhetsa misozi unalowa mpaka m'mandasi, koma tiyi sanaleke kuwira.

Tisanamizane, sanali mayi wofatsa. Ukasiya kapu pansi ankakulalatira pamaso pa chibwenzi chako, kaya ndiwe pulezidenti wa Yuniyoni. Koma akaona mwana wayamba kuonda cha kumapeto kwa teremu, chipande cha nyemba chinkalowa kawiri m'mbale mwake, iwo akuyang'ana kumbali. Mulungu sanawapatse ana awoawo, ndipo onse pa koleji ankangowatchula kuti Amayi.

Amuna awo, Che Fikirini, anali telala pakhonde la sitolo ku Chileka, koma kwawo kunali ku Lirangwe. Anali munthu wa mawu ochepa. Atayamba kudwala anapempha chinthu chimodzi chokha: “Ndikadzapita, musadzandigoneke m'firiji ya kuchipatala. Mukandiike kwathu tsiku lomwelo, monga mwa chipembedzo chathu.” Mayi Sikina analonjeza.

Che Fikirini anamwalira Lachisanu m'mawa pa chipatala cha m'tauni, chaka chija mafuta a galimoto anasowa m'dziko muno. Ku Lirangwe analandira foni, anayamba kukumba manda, shehe anauzidwa. Chosowa chinali galimoto. Mlamu wawo Imran, mng'ono wa malemu, anazungulira konse kumene ankadziwa, koma aliyense galimoto yake inali pamzere, thanki ili gwa.

Uthenga unafika ku Yuniyoni poti kantini sinatsegulidwe. Pulezidenti wa chaka chimenecho anali Fanuel, mnyamata wa ku Rumphi wolankhula ngati loya. Anakagwada ku ofesi mpaka anamupatsa lole ya koleji, imene inali ndi dizilo wa ulendo umodzi. Anaimba foni: “Amayi, musadandaule. Tikubwera pompano.”

Pompano wa ana a sukulu! Dzuwa linafika pamutu, lole osaoneka. Linayamba kupendeka, lole osaoneka. Mayi Sikina anakhala pansi pa mtengo pafupi ndi mochale, maso kugeti, mtima uli m'mwamba.

“Alamu,” anatero Imran, “ana anu aja atinamiza. Achimwene agone konkuno, tiona mawa.”

“Sagona muno,” anayankha Mayi Sikina. “Ndinawalonjeza.” Koma m'kati mwawo mantha anali atawagwira, ndipo anayamba kuwakwiyira ana aja.

Lole inatulukira nthawi itapita ndithu, yodzaza anyamata ndi atsikana ovala zakuda. Fanuel anadumpha, nkhope ili ndi chisoni chosakaniza ndi kunyadira, n'kutsegula kumbuyo. M'menemo munali bokosi la maliro. Osati bokosi wamba, koma lopaka vanishi, la zogwirira zonyezimira, pamwamba pali nkhata za maluwa. Ana aja anali atasonkherana, n'kupita kwa okhoma mabokosi ku Ndirande, kukana ili, kukana ilo, kudikira mpaka wina amalize kukhoma limene analikonda. Anzawo achisilamu, amene akanawaletsa, anali ku mzikiti poti linali Lachisanu. Safunsa anadya phula.

Imran anatembenuka n'kuyang'ana kukhoma. Mayi Sikina anamukokera Fanuel pambali.

“Mwanawe, ife sitiika munthu m'bokosi. Timamukulunga m'sanda, nsalu yoyera, n'kumugoneka m'dothi.”

Mnyamata wa pakamwa uja anafunsa motsitsa mawu: “Amayi, ndiye kuti tachedwa chifukwa cha chinthu chosafunika?”

Mayi Sikina mkwiyo wonse unawachoka. Anaona kuti ana amenewa, ena a iwo ogona ndi njala, anafuna kuti bambo amene sanamuonepo n'komwe apite mwaulemu umene iwo ankaudziwa. “Mwachita zimene ana amachitira bambo awo,” anatero. “Tsopano likankhireni kutsogolo, mulifunditse chitenje, tizipita. Dzuwa silidikira.”

Anagoneka malemu pamphasa, atawafunditsa bwino. Lole inadutsa pa Kameza, pa Lunzu, m'mbali mwa msewu muli mizere ya galimoto zodikira mafuta. Mtsikana wina, Thoko, anayambitsa nyimbo ya maliro ya kutchalitchi, mnzake n'kumutsina. “Imbirani mumtima, ana anga,” anatero Mayi Sikina, “imveka ndithu.” Ndipo ana a Yuniyoni, amene sakwera lole osasokosa, anakhala chete mpaka ku Lirangwe.

Kumudzi zinthu zinayenda mothamanga. Amuna anasambitsa malemu, kuwaveka sanda, kuwaika pajeneza, machira aja onyamulira maliro, shehe n'kutsogolera swala. Ophunzira anaima patali, manyazi ali m'maso, osadziwa poika manja. Jeneza sanyamula anthu omwewo njira yonse. Amuna amalandizana, uyu akaika phewa pang'ono n'kusiyira mnzake, kuti aliyense apezeko dalitso. Litanyamuka, Imran, yemwe uja anayang'ana kukhoma, anacheuka n'kukodola Fanuel. “Iwe, bwera uike phewa. Aitane anzako.” Anyamata aja analowa mumzere ngati ana a pamudzipo.

Bokosi lija linabwerera ku koleji. Wokhoma anakana kulilandira, ati bokosi likatuluka silibwerera. Kalipentala wa pa koleji analiphwasula n'kupanga mashelefu a kantini, ndipo kwa zaka zambiri makapu a Yuniyoni ankakhala pa matabwa a vanishi amene ana atsopano sankadziwa kumene anachokera. Matabwawo anachotsedwa pamene nyumbayo inakonzedwanso, chaka chomwe Mayi Sikina anapuma ntchito. Pano ali ku Chileka, amalima nandolo, miyendo ikuvuta. Akamva kuti ana a koleji achita sitalaka, anthu n'kumati ana a masiku ano ndi opanda mwambo, iwo amadzudzula pomwepo: “Musawanene. Simukuwadziwa.”

Nkhaniyi amakonda kuikamba, ndipo pofika pa bokosi amaseka mpaka misozi. Koma sathera pamenepo. Pa mwambo wa Chisilamu akazi sapita kumanda, choncho tsiku lija iwo anatsala pakhonde ndi amayi anzawo, osaona kanthu, akungoyang'ana dzuwa likutsikira kuseri kwa mlambe. Sanadziwe ngati nthawi yakwanira. Kenaka anamva mapazi a anthu akubwerera. Fanuel anasiya anzake, anabwera kudzagwada patsogolo pawo, suti yake yakuda ili mbuu, zikhatho zili ndi dothi lofiira.

“Amayi,” anatero, “bambo tawaika. Dzuwa likadalipo.”

Tsiku lonse lija anali asanalire. Anagwira manja a dothi aja, ndipo pamenepo ndi pamene analira maliro a amuna awo.