Zelifa, Kazembe wa Amayi a Matimati

Zelifa atalepheranso mayeso a Fomu 4, mayi ake anali atagona kale kumanda ku Ludzi. Mudzi unamuchepera. Anasenza lichero la nthochi n'kulowera ku boda ya Mchinji, kumene mwana wamasiye amasanduka miyendo ya aliyense.

Ndipo kutumidwa anatumidwadi. Madalaivala a mathiraki ankamutuma madzi, amayi ogulitsa matimati ankamutuma uthenga kutsidya, ku Zambia. Pomuseka anamupatsa dzina: "Kazembe, thamanga." Dzinalo linkamubaya ngati minga kuphazi.

Tsiku lina a Kefasi, dalaivala wa ku Luapula ku Zambia, anamupeza akulira kuseri kwa thiraki.

"Ukulirira dzina limeneli? Mwanawe, kwathu Kazembe ndi dzina la ufumu. Akuluakulu amati Kazembe woyamba anatumidwa ndi mfumu yaikulu ya Alunda kukaiimira kutali. Iye akalankhula, ndiye kuti yalankhula ndi mfumu. Paja woimira dziko lake kunja mumamutcha kazembe. Wotumidwa amanyamula nkhope ya omutuma."

Zelifa anapukuta misozi, mawuwo n'kuwasunga mumtima.

Posakhalitsa kunagwa nkhani. Amayi a ku Mchinji ankagulitsa matimati pamsika wina kutsidyako. Mayi wina wa pamsikapo atamwalira, eni msika anasiya mabenchi n'kupita kumaliro. Athu aja, poona kuti makasitomala onse atsalira iwo, anayala matimati n'kugulitsa mpaka madengu kuyera. Dyera, abale anga, limatseka maso. Ndani sadziwa kuti sugulitsa mnzako ali m'bokosi? M'mawa mwake eni msika anawapirikitsa, n'kuwauza kuti asadzapondenso pamsikapo.

Matimati anayamba kuwola m'madengu, ndipo m'makomo moto unayamba kugona wosakoleza. Amuna a amayi aja anavala majekete n'kupita kukakambirana m'Chingerezi chokhathamira. Anabwerako chimanjamanja.

Atasowa pogwira, amayi aja anaitana Zelifa. "Pita iwe Kazembe, mwina iwe akumvera chisoni."

"Ndipita," anatero, "koma aliyense wa inu apereke mbale ya ufa ndi chikuni."

Kumsika sanapiteko n'komwe. Analunjika kunyumba ya ofedwa, kumene achibale anali asanabalalike. Anatula ufa ndi nkhuni, anamanga chitenje, anatunga madzi, anatsuka miphika. Za matimati sanatchule ngakhale kamodzi.

Dzuwa litapendeka, a Millicent, mkulu wa amayi a pamsika paja, anamuitana. "Iwe ndiwe mwana wa ndani?"

Zelifa anagwada. "Sindinabwere m'dzina langa, amayi. Amene atunga madziwa ndi amayi a ku Mchinji. Analakwa, ndipo manyazi awagwira. Ine ndangonyamula nkhope yawo kudzapepesa maliro."

A Millicent anapukuta m'maso ndi chitenje.

"Anabwera ena ndi majekete, koma palibe anafunsa kuti manda ali kuti. Kawauze abwere Lachisanu. Ndipo kuyambira lero, nkhani ikabuka tizilankhula ndi iwe."

Mtsikana anathamanga tsiku limenelo kuposa masiku onse amene anatumidwapo. Nthungululu zimene zinalira pa boda, madalaivala anatsika m'mathiraki poyesa kuti pali ukwati. Amayi omwe ankamuseka aja anamunyamula m'mwambamwamba.

Lero Zelifa ndiye amaimira gulu la amayi ochita malonda odutsa malire pamisonkhano ya mbali zonse ziwiri. Mayeso aja anawalembanso n'kukhoza. Dzina lija silinachoke, koma tsopano olitchula amayamba ndi "a", ndipo mwiniwake amatembenuka akumwetulira.

Mwina nanunso lero ndinu wotumidwatumidwa, wongoitanidwa pakafunika miyendo. Musadziderere. Pitani kumene akutumani, ndipo mukafikeko mwaulemu ngati mwanyamula mudzi wonse. Osataya mtima: ngakhale dzina la ufumu lija linayambira pa munthu amene anauzidwa kuti, "Pita."