Kanyemba Kamene Ndinapanikiza pa Kompyuta ya Tchalitchi

Ndiyambe ndi kuvomera, poti wakuba wovomera msanga amalandira zibonga zochepa. Maina amene anafufutika m'kompyuta ya parishi yathu sanafufutidwe ndi mphenzi, kapena magetsi, kapena ufiti monga ena ankanong'onezana. Ndine ndinachita. Ndinachita ndi theka la nyemba youma, nyemba yolima ndekha. Inu owerenga, sekani ngati mukufuna, nanenso ndinaseka miyezi iwiri yathunthu. Koma muwerenge mpaka kumapeto, muone pamene mano anga anabwerera m'kamwa.

Parishi yake sinditchula, mungodziwa kuti ndi kumapiri kuno, mbali ya ku Lobi. Kwa zaka zambiri mlembi wake ndinali ine. Sukulu ndinalekezera sitandade faifi, zoona, koma mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a oimitsidwa masakramenti ndinkawadziwa ngati mizere ya m'munda mwanga. Munthu akangotchula dzina la agogo ake, ine ndatsegula kale tsamba.

Kenaka kunabwera kompyuta, ija yokhala ndi chibokosi pansi pa tebulo, ndipo pambuyo pake panabwera a Gelevazio, mphunzitsi wopuma ntchito, munthu wovala tayi ngakhale popita kudimba. Kundilanda ntchito sindinadandaule kwambiri, maso anali atayamba kale kuchita nkhungu. Chimene chinandilasa ndi ichi. Pa msonkhano wa akuluakulu a tchalitchi a Gelevazio anatsegula buku langa, nalikweza m'mwamba kuti onse aone.

“Taonani abale,” anatero, “apa panadutsa mlembi kapena nkhuku yopalasa?”

Anthu anaseka mpaka kupukuta misozi. Ngakhale alamu anga enieni anaseka, munthu amene ndinamubwereka khasu chaka chonse. Tsiku lomwelo anandisiyira tsache ndi makiyi, ati ndizisesa mu ofesi. Ndinalandira tsachelo ndi manja awiri, mwaulemu, koma mumtima ndinati: Gelevazio, nkhuku yopalasa imafukula ndi zimene unakwirira.

A Gelevazio analowetsa mabuku onse m'kompyuta, nayamba kumutchula kaundulayo kuti detabesi, akukweza mphuno. Kuyambira pamenepo m'buku simunalembedwenso kanthu. Bambo Mfumu akabatiza mwana kapena kumanga ukwati, ankalemba pa kapepala, a Gelevazio nkulowetsa m'kompyuta, kapepalako nkukolezera mbaula yawo yoothera. Ankati mapepala ndi a anthu akale.

Tsiku lina kompyutayo inapenga. Akadina chilembo, m'malo molemba inkatsegula timazenera tachilendo. Anaitanitsa a Nachisale, mayi wa ku Chimbiya wokonza mafoni ndi makompyuta. Ine ndinali pakona ndi tsache langa, kusesa malo amodzimodzi kachitatu. Mayiwo anatembenuza kiyibodi, thabwa la mabatani lija, nkuligogoda. Munagwa nyenyeswa.

“Aphunzitsi, kompyuta sinapenge ayi, mwaidyetsa chigumu,” anatero a Nachisale. “Batani ili la pakona, lolembedwa Ctrl, timati kontolo. Likakanirira pansi, zilembo zimasiya kulemba, zimayamba kulamula. A amagwira zonse, S amasunga, Z amabweza zimene mwalakwitsa. Koma m'kaundula muno mukafufuta maina nkuvomera, Z sabweza kanthu. Muzikopera pa fulashi, kachipangizo kosungira zolemba aka, sabata iliyonse.”

“Zimenezo ndimazidziwa, mayi,” anayankha a Gelevazio, akukonza tayi.

Iwo sanamve. Amene anamva ndine, wa sitandade faifi. Ndinaonanso chinthu china: mabatani a kontolo alipo awiri, lina kumanzere, lina kumanja, ndipo la kumanjalo a Gelevazio sankaliyang'ana nkomwe.

Apa ndikuuzeniko za akulu anga, a Damiano, chifukwa nkhaniyi ndi yawonso. Iwo anabatizidwa tili ana, koma atakula analowa gule wamkulu, ndipo dzina lawo ndinalilemba ndine ndi dzanja langa m'buku la oimitsidwa masakramenti. Sitinakanganepo za zimenezo. Iwo ankanditcha “katekisimu”, ine ndinkawatcha “mapazi a fumbi”, basi tinkagawana fodya. Koma chifuwa chitawagwira, nyengo ya Lenti, anandituma kuti ndikaitane Bambo Mfumu mwakachetechete. Sanafune kuti anzawo a zaka zonsezo amve ngati awanyoza. Bambo anabwera masana anthu ali kumunda, anawamvera kulapa, nawalandiranso. Mboni ndinali ine ndekha, panja pa khomo. Kapepala kake ndinakapereka ndekha kwa a Gelevazio pamodzi ndi timapepala tina, ndipo ndinaona akulowetsa osayang'ana nkomwe kuti ndi ka yani.

Akulu anga anandigwira dzanja tsiku limenelo nati, “Mng'ono wanga, ndikapita usalole kuti anthu alimbirane mtembo wanga. Kwaya idzandiimbire. Walonjeza?” Ndinalonjeza.

Pasaka itapita, Bambo Mfumu aja anawatumiza kusukulu kunja kwa dziko, kunabwera ena achinyamata osadziwa munthu aliyense. Ine ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Ndinkafuna kuti a Gelevazio achite manyazi pamaso pa Bambo atsopanowo, aoneke kuti tayi yokha ndiyo yophunzira. Zofufuta kaundula sindinaganizeko, ndikulumbira. Koma kunena zoona, ndikanaganiza, sindikudziwa ngati ndikanaleka.

Linali Lachiwiri m'mawa, nyengo yokolola nyemba. A Gelevazio anatsegula kaundula, kenaka anatuluka kukathira madzi a tiyi. Ndinatulutsa theka la nyemba m'thumba, ndinadina kontolo wa kumanja uja, nkupanikiza kanyembako m'mphepete kuti batani lisadzuke. Ndinabwerera ku tsache langa ndikuimba nyimbo ya Mulungu chapansipansi.

Mudziwe kuti a Gelevazio amalemba ndi zala ziwiri, ngati adokowe akusaka achule. Chilembo choyamba chimene anadina chinali A. Atadzutsa mutu anapeza maina onse a parishi achita buluu, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anadina ichi, anadina icho, buluu osachoka. Mtima unawapsa, nkumenya batani lofufutira kuti achotse mtunduwo. Kompyuta, chinthu chaulemu, inawafunsa funso m'Chingerezi. Munthu wodziwa zonse amawerenga funso? Anamenya batani lalikulu lovomerezera, pha! pha! pha! Sikirini inayera ngati mbale yonyambitidwa ndi galu.

Inu owerenga, sindinamvepo kukoma kotero chibadwire. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwawo m'chisanu cha kuno. Anadina Z mpaka chala kuwawa. Atathamangira panja kukasaka netiweki kuti aimbe foni, ndinazula kanyemba kanga nkukaika m'kabotolo ka fodya. Ndinakasunga ngati mlenje asungira mchira wa nyama.

A Nachisale atafika anayesa mabatani onse, onse ali bwinobwino. Anafunsa kuti pa fulashi anakopera liti komaliza. Yankho linatuluka ngati la mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa: Khirisimasi isanafike. Mayiwo anabwezeretsa kaundula wa pa fulashiyo, nawauza kuti zonse za pambuyo pa Khirisimasi aziyambirenso kuchokera pa timapepala. Timapepala take titi? Tinali titasanduka kale phulusa la m'mbaula.

A Gelevazio sanauze munthu, ngakhale Bambo Mfumu. Nanenso ndinakhala chete, osati chifukwa cha chifundo. Ndinkasunga chinsinsicho ngati mpeni wa m'chiuno, kudikira msonkhano waukulu kuti ndidzawabaye pagulu monga anandibayira ine. Akandituma kuti, “Madala, sesani apa,” ndinkayankha kuti, “Chabwino aphunzitsi, nanga detabesi yadzuka bwanji?” Iwo nkungotsokomola. Mkwiyo ndi mowa woipa, abale. Miyezi iwiri yonseyo sindinaganizeko ngakhale kamodzi kuti m'miyezi yotayikayo munalinso Lenti, ndipo m'Lentimo munali akulu anga.

A Damiano anamwalira mu Julaye, nkhungu itaphimba mapiri. M'mawa mwake ndinapita ku ofesi ndi wapampando wa mphakati wathu kukapempha mwambo wa mpingo. Bambo atsopano aja anati tione m'kaundula. A Gelevazio anadina, dzina linatuluka, ndipo pambali pake panalembedwa kuti woimitsidwa. Mawu anga omwe, okopedwa m'buku langa lakale.

Ndinafotokoza za tsiku la Lenti lija. Bambo anandimvera mwaulemu, koma anati mboni ya m'bale yokha, popanda cholembedwa, siingakwane, makamaka poti mudzi wonse ukudziwa kuti malemuwo anali a gule. Anayesa kuimbira Bambo akale, foni yosapezeka. Anatembenukira kwa a Gelevazio nawafunsa ngati analandirapo kapepala kotero. Munthu uja anayang'ana sikirini, osandiyang'ana ine, nati, “Chimene mulibe m'kompyuta, Bambo, ndiye kuti sichinachitike.”

Kusiwa kuja anzawo a akulu anga anali atafika kale, akudikira mwaulemu kuti amve ngati mpingo ubwera kapena maliro akhala awo. Iwo analibe mlandu, ankafuna kuperekeza mnzawo monga mwa mwambo wawo. Mlandu unali m'thumba mwanga, m'kabotolo ka fodya.

Ndinaima pamenepo ndikuwerengera. Kuti Bambo akhulupirire kuti kaundula ndi wobooka, panafunika wina anene chimene chinamuboola. A Gelevazio sakananena ngakhale mutawaika pamoto. Mpeni uja ndinkausungira msonkhano waukulu unalibe chigwiriro, kuti ndiwabaye unayenera kundicheka ine poyamba.

Ndinatulutsa kabotolo, ndinakhuthulira fodya m'dzanja, ndinatola kanyemba. Ndinapempha Bambo kuti ayandikire. Ndinadina kontolo wa kumanja, ndinapanikiza kanyemba, ndinadina A. Maina onse buluu! A Gelevazio analumpha nkukumbatira kiyibodi ngati mwana wagwera pamoto.

“Musaope aphunzitsi,” ndinatero, “ine funso ndimawerenga, ngakhale ndine nkhuku.”

Ndinaulula zonse, kuyambira pa msonkhano uja mpaka pa mbaula. Kenaka ndinapempha Bambo kuti afufuze mwana mmodzi yekha mwa ana amene anabatizidwa pa Pasaka. Wapampando anatchula mdzukulu wake. Mulibe. Anatchula ukwati wa mwana wa mlongo wake. Mulibe. Bambo anavula magalasi nati kwaya ikonzeke.

Tinafika kusiwa dzuwa litapendeka, anthu atatopa ndi kudikira, ndipo anzawo a malemu anamva nkhani yonse kuchokera pakamwa panga, pagulu, chinthu chimene akulu anga sanafune kuti chichitike motero. Mkulu wina mwa iwo anangondiyang'ana nati, “Akanatiuza yekha, sitikanamuletsa.” Anakhala nafe mpaka kumanda. Kwaya inaimba. Lonjezo ndinasunga, koma ndinalisunga ngati munthu wopulumutsa mbuzi m'khola limene watentha yekha.

Mukuganiza kuti a Gelevazio anawachotsa ntchito? Anawadzudzula, inde, koma wina wodziwa kompyuta kunalibe. Makiyi analanda anga. Bambo anandiimitsa masakramenti kufikira nditakonza zimene ndinawononga, ndipo amene analemba mawu akuti woimitsidwa pambali pa dzina langa ndi a Gelevazio omwewo. Atatha kulemba anadina kontolo ndi S kawiri, akundiyang'ana m'maso.

Chilango changa nchoyenda pansi. Ndimakwera ndi kutsika mapiriwa, mudzi ndi mudzi, ndi maondo anga owawawa, kufunsa kuti ndani anabatizidwa, ndani anakwatitsa, ndani anabwerera ku mpingo m'miyezi ija. Amayi ena amandithira mawu ndisanakhale pansi, ati ukwati wawo unadyedwa ndi nyemba yanga. Lachisanu lililonse ndimakapereka maina amene ndatola. A Gelevazio amawawerenga mokweza, nkumakonza kalembedwe kanga chilembo ndi chilembo, ine nditaima ndi chipewa m'manja. Sindinawakhululukire, ndisakunamizeni. Bambo anawalamula kuti azikopera pa mafulashi awiri ndi kulembanso m'buku ndi dzanja, ndipo nditasuzumira m'bukumo ndinaona kuti dzanja lawo nalonso ndi la nkhuku, nkhuku yodwala chitopa. Zimenezo zokha ndizo zimandipatsa mphamvu pokwera phiri.

Tsono inu owerenga, makamaka inu osunga maina a anthu m'makompyuta, mverani wa sitandade faifi. Mabatani akayamba kuchita zachilendo, musamenye, yambani mwaona ngati kontolo sanakanirire, ndipo muone onse awiri. Kompyuta ikakufunsani funso, werengani, ngati simukumva itanani wina, manyazi sapha. Koperani sabata iliyonse, ndipo kapepala musakolezere moto. Zikatayika, nenani tsiku lomwelo.

Ndipo inu anzanga osunga chakukhosi, ine sindikuuzani kuti mukonde adani anu, zimenezo akuuzeni ansembe, ine zinandikanika. Ndikungoti musatchere msampha pa chinthu chimene mudzi wonse umasungirapo maina ake. Ine ndinatchera tayi, koma anakodwa ndi akulu anga, tsiku limene sakanathanso kudzilankhulira. Kanyemba kaja Bambo anakana kundibwezera. Kali mu ofesi, m'kambale pamwamba pa kompyuta, ndipo Lachisanu lililonse kamandiona ndikuvula chipewa.